Laimu pa mng'alu

Lachinayi. Kwacha ndi mvula yowaza, madzi akudonthera m'beseni kuchipinda kwanga.

Mwa maloya atatu amene abambo anawayendera, wa ku Area 2 yekha ndiye wabwera kudzaona mng'alu umene a Phiri, otigulitsa nyumbayi, anaubisa kuseri kwa kabati. Koma amayi, atamva dzulo kuti kukubwera mlendo wolemekezeka, anaumata n'kupakapo laimu. "Bwana aone khoma lotere?" anatero.

Loyayo anasisita khomalo, akumwetulira. "Nanga kukhoti ndikanena kuti ndaona chiyani, bambo?" Sanalembe kanthu. Potuluka anafunsa ngati mwendo wa a Phiri wapola. Palibe anamuuza za mwendowo. Akudziwana bwanji?

Abambo anamuperekeza, abwera ali onyowa. Akuti ndi munthu wabwino.