Chilembo cha B M'buku la Khanda

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino. Ine ndikadali pa kauntala yomwe ija mu shopu ya mankhwala, kukulungira anthu mapilitsi, pamene anzanga a m'kalasi akutchedwa adokotala.

Sindinaimbe foni dala. Foni yanu nthawi zina amayankha ndi alamu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi.

Munamva kuti khanda la mlongo wathu linabadwa ndi chikasu. Linachira, musade nkhawa. Koma kuchipatala analiyeza magazi pamodzi ndi mayi ake, n'kulemba m'buku kuti mayi ndi gulu A, mwana gulu B. Mlongo wathu, dalaivala wamkulu uja, pa khadi lake la kuntchito panalembedwa O. Payekha sakanaona kanthu, mumamudziwa, amawerenga zikwangwani za pamsewu zokha. Koma anakaonetsa bukulo kwa mnzake kugalaja, mnzakeyo n'kumufunsa moseka kuti B ameneyu wakwerera pa siteji iti.

Lamlungu masana anandiitanitsa. Ine amene pa ukwati wawo anandiika kotsuka mbale. Ndinapeza amayi ali pa mpando wa malemu bambo, mlongo wathu ataima pakhomo makiyi ali m'manja, ndipo mkazi wake, wakwaya uja, ali pansi pafupi ndi filiji akuyamwitsa, osadzutsa mutu. Buku ndi khadi zinali patebulo ngati umboni kukhoti. Amayi anati popeza ndinanunkhizako kuyunivesite, ndiwawerengere. Kununkhiza, achemwali! Zaka zitatu za sayansi, iwo akuti kununkhiza.

Ndikuuzeni inu zimene sindinawauze iwo. Mwana amatenga mbali imodzi ya gulu la magazi kwa bambo, ina kwa mayi. Munthu wa O alibe china chopatsa mwana koma O yemweyo. Wa A angapereke A kapena O. Ndiye mwana wa awiriwa angakhale A kapena O, basi. B samera yekha ngati bowa. Pamafunika munthu wa B kapena AB kuti amubweretse.

Ndinaziona zimenezi ndisanakhale n'komwe pansi, ndipo ndisakunamizeni, mtima wanga unayamba wakondwa. Wakwayayu si uja amandipempherera mokweza kuti ndipeze banja? Ndinati lero ndi lero. Koma mwana anasiya bere n'kuyetsemula, ndipo mlongo wathu anaiwala mkwiyo wonse, n'kuthamanga kukatseka windo kuti mphepo isamuwombe. Atazindikira zimene wachita anabwerera pakhomo paja mwamanyazi.

Ndiye ndinanama. Ndinati makhadi a kuntchito amalembedwa ndi kalaliki wotopa amene ali ndi anthu makumi asanu pamzere. Ndinamufunsa mlongo wathu ngati anamubayadi chala. Anati sakukumbukira, tsiku limenelo anamuyeza maso, mkodzo ndi zina zambiri. Ndinati mwina iyeyo ndi B, akayezetsenso. Amayi anapumira m'mwamba, n'kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti ndi choncho. Wakwaya anandiyang'ana kamodzi kokha. Munthu wonamiziridwa akayeretsedwa amalira kapena kukalipa. Iye anangondiyang'ana ngati ndamuwonjezera masiku.

Koma O uja ndi woona. Bambo anali O, mapepala awo a kuchipatala ndinkasunga ndine. Amayi ndi O. Makolo onse akakhala O, ana onse amakhala O: inu, ine ndi iye. Pokhapokha ngati amayi nawonso ali ndi nkhani yawo, ndipo kumeneko ine sindipondako.

Tsopano limbani mtima. Mukukumbukira nthawi ya opaleshoni ya bambo, alamu atapereka magazi? Anayenda ndi kakhadi kawo sabata yonse, kuonetsa aliyense ngati mendulo, ngakhale namwino anali atawauza kuti magazi awowo sangagwirizane ndi bambo, asungidwira odwala ena. Ine ndimaiwala zambiri, koma chilembo sindiiwala. Panalembedwa B.

Chaka chatha alamuwo atabwera kudzakonza mapepala a galimoto, anakana kufikira kwa amayi, ati kuli phokoso. Anasankha chipinda chakuseri kwa mlongo wathu, mwini nyumba ali pa ulendo wa masabata asanu. Mapepala a masiku atatu anatenga mwezi wathunthu. Miyezi werengani nokha, inu ndi amene munamaliza sukulu. Nanga shawelo ndi tizovala timene anatumiza tija? Tizovalato tinafika mimba isanayambe kuoneka, amayi asanauzidwe n'komwe. Alamu munawauza ndinu? Inuyo munamva kwa yani? Ngati pali yankho labwino, ndipatseni, ndilandira ndi manja awiri.

Malire a zimene ndinaphunzira ndikuwadziwa. Magazi amatha kunena kuti uyu si bambo wa mwana, koma sanena kuti bambo wake ndi uyu. Anthu a B ndi ambirimbiri, mwina ngakhale woimbitsa kwaya ali momwemo. Mwinanso achipatala analakwitsa polemba, zimachitika. N'chifukwa chake ndapita kawiri kwa wakwaya kuti tilankhule ngati akazi. Koyamba anayankhira pawindo kuti mwana wagona. Kachiwiri anandilowetsa, anandithirira madzi akumwa, ndipo nditangotchula kuti ndikufuna kukulemberani kalata, kapu inamupulumuka m'manja. Anatola zidutswa zonse osandifunsa kuti ndikulemberani chiyani.

Mlongo wathu wanyamuka dzana ndi lole yake. Abwera pakatha masabata atatu, ndipo wanena kuti akangotsika akayezetsa. Bodza langa lidzafera pomwepo. Walumbira pamaso pa amayi kuti zikatuluka O, mayi ndi mwana adzapeza zikwama zili panja, ndipo sadzasiya kufunsa mpaka atamva dzina. Dzanja lake mumalidziwa.

Mudzanena kuti ndi nsanje, kuti wosakwatiwa akufuna kupasula mabanja awiri nthawi imodzi. Nenani, ndinazolowera. Koma ndaona kuti ndi bwino mumve kwa ine amene mungathe kunditukwana, osati kwa anthu a kugalaja.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani masabata atatuwa asanathe, ndipo mubwere nokha. Mlongo wathu amamvera inu basi, ine amandiona ngati wogulitsa mapilitsi. Kaya mwanayu ndi wa yani, ali ndi miyezi iwiri yokha, ndipo chilembo chimenechi sanachisankhe. Zikavuta ndiwatenga ine, iye ndi mayi wakeyo, ngakhale chipinda changa n'chimodzi ndipo nyimbo zake sindimazikonda. Koma kumugwira mlongo wathu tsiku limenelo, ndekha sindingathe.

Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mtima wofatsa kuposa wanga. Ana muwapsompsone, muwauze azakhali awo sanawaiwale. Alamu muwapatsenso moni wanga. Muwauze kuti khanda likukula bwino, layamba kumwetulira, ndipo powauzapo muwayang'ane kumaso.

Ndine mng'ono wanu,
wapakamwa uja