Galu Wosamva Chingelezi

Lolemba, 3 Febuluwale

Mphepo tsiku lonse. Mwini kanyumba kalendi aka wandikumbutsanso: pofika Juni ndikhale nditatuluka, kukubwera alendo ake odzaona nyanja.

Nyumba zatsopano za kuseri kwa tchalitchi zatha kumangidwa. Yakumapeto, yachitseko chobiriwira, mtima wanga uli pomwepo. Koma a khonsolo akuti kuno ku Conamara nyumba zimenezo n'za olankhula Chiairishi, chilankhulo chamakolo cha dziko lino, ndiye pa 9 Epulo andiyesa pakamwa. Ndikalephera, ulendo wobwerera ku Dublin, kukapanikizana ndi njinga ndi makatoni m'kachipinda ka kwa Orla, mwana wanga. Ine Dympna, amene ndayendetsa basi m'misewu ya mzinda uja mpaka imvi mbuu! Toto.

Mayi anga anabadwira m'mudzi muno. Chiairishi chinali chodzaza m'kamwa mwawo, koma ife sanatilawitseko n'kadontho komwe. Ankati n'chilankhulo cha umphawi. Cha kusukulu chinathawa m'mutu tsiku lomwe ndinavula yunifolomu.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Kalasi ya Chiairishi ya madzulo ku holo. "Dzina langa ndine Dympna. Ndimakonda tiyi." Munthu angapatsidwe nyumba chifukwa chokonda tiyi?

M'mawa uliwonse wailesi ya Chiairishi, mauthenga a maliro. Amawerenga mofatsa, ndiye ndimatolako. Panopa ndingathe kulengeza imfa ya munthu ndi ola la Misa yake, koma kupempha mkaka wokhala ndi mafuta ochepa, ng'o.

Chondipha ndi ulemu wa anthu a kuno. Kusitolo ndinayamba bwinobwino, ndinangopunthwa pa liwu limodzi, mtsikana wapakauntala n'kutembenukira ku Chingelezi, kwinaku akumwetulira. Wapositi chimodzimodzi. Bambo mfumu chimodzimodzi. M'maganizo mwawo akundithandiza. Ndinafika kunyumba n'kulira ndikusenda mbatata.

Lachinayi, 20 Febuluwale

A Cóilín, aneba anga a kumtunda, agwa pokwera mpanda wa miyala, chiuno chathyoka. Ambulansi yapita nawo ku Galway. Ali pa machira anandigwira mkono: "Mayi inu, mundisungire nkhosa zanga ndi Púca. Koma galu ameneyo Chingelezi samva, musadzitopetse." Mawu onsewo anandiuza m'Chingelezi. Nanga akanalephera?

Lamulungu, 23 Febuluwale

Sananame. Ndakuwa "khala pansi", "bwera kuno", mpaka kukhosi kwasasa. Púca kungondiyang'ana mutu ali khonyo, ngati kondakitala woyang'ana munthu wopanda tikiti. Nkhosa balalabalala phiri lonse.

Ndawaimbira foni a Cóilín. Apa ndiye analibe pothawira, anandipatsa mawu enieniwo a Chiairishi olamulira galuyo. Ndawabwerezabwereza m'bafa.

Lolemba, 24 Febuluwale

WAKHALA PANSI! Ndinangonena kamodzi, galu n'kukhala. Ndinavina m'matope ndi majombo. M'mudzi monse muno, woyamba kundimva popanda kundimvera chisoni ndi wa miyendo inayi.

Lachisanu, 14 Malichi

Masiku akuthamanga, wolemba n'ndani. Tsiku lonse ndimalankhula ndi Púca m'Chiairishi: za nyengo, za Orla, za malemu bambo ake a Orla ndi ulesi wawo. Ndikalakwitsa sanditembenukira ku Chingelezi. Ndikamulamula molakwika sasuntha. Mphunzitsi ameneyu ndimamulipira makoko a buledi.

A Cóilín amaimba madzulo aliwonse kufunsa nkhosa imodziimodzi. Yopunduka ija, yamwano ija, ya khutu long'ambika ija. Nkhani za nkhosa sadziwa n'komwe kuzikamba m'Chingelezi, ndiye amaiwala kuti akulankhula ndi munthu wa ku Dublin. Akakumbukira amapepesa n'kusintha. Ndawauza kuti akasinthanso ndigulitsa galu.

Orla waimba. "Amama, chipinda ndakonza kale, musadzizunze." Amanena mwachikondi, koma zinandilasa. Ndagona ndi mutu.

Lamulungu, 30 Malichi

Lero ndatukwanidwa, ndipo chisangalalo chake sindikudziwa pochiika.

Pobwera ku Misa ndinapeza nkhosa zonse zili m'dimba la mayi Bairbre. Kabichi yense tsalatsala, kwatsala zitsinde. Mayi Bairbre ndi amene amandilonjera ndi Chingelezi chosita bwino chija chilowereni m'mudzi muno, ngati ndine dokotala wobwera kudzabaya katemera. Lero anatuluka ndi tsache, tsitsi lili nyankhalala, Chiairishi chikutuluka ngati madzi a pampopi wothyoka.

"Iwe chitsiru cha m'tauni! Chipata sudziwa kutseka? Nkhosazo zakuposa nzeru! Unazolowera zitseko za basi zodzitsekera zokha eti?"

Ndinamva zonse. ZONSE. Magazi n'kuwira, ndinayankha ndisanaganize, kuti chipata ndinatseka ine, koma mpanda wawowo wakhala uli chigumukire kuyambira Khirisimasi, ngakhale ng'ombe yapakati ingadutse osakhudza mwala. Iwo zawo, ine zanga. Púca akuuwa pakati. Tinalalatirana mpaka mvula inayamba, ndipo palibe anagwetsa liwu la Chingelezi.

Kenako anatsitsa tsache, kundiyang'ana nthawi yaitali. "Kamwa imeneyi ndi ya Peige," anatero. "Mayi ako analinso chonchi, sankagonja. Tinkakhala benchi imodzi kusukulu. Lowa, umwe tiyi, wanyowa ngati khoswe."

Peige. Ku Dublin aliyense ankawatcha Margaret. Ndinamwa tiyiyo misozi ikugwera m'kapu. Kabichi ndalonjeza kubzala wina.

Lachiwiri, 8 Epulo

Sabata yonse kwa mayi Bairbre, kumanga mpanda ndi kubzala. Amandikonza mopanda chisoni. "Ukulankhula ngati wailesi yolengeza maliro, tadzuka!" Mbiri yafika kusitolo. Mtsikana uja lero wandisiya ndivutike mpaka ndapeza ndekha liwu la machesi.

Mawa mayeso. Malaya abuluu ndasita. Ubweya wa galu paliponse.

Lachitatu, 9 Epulo

Anthu awiri kuseri kwa tebulo, bambo wamagalasi ndi mayi wosaseka. Funso loyamba, mutu wanga mbee. Zonse za m'kalasi zinauluka. Ndinaona milomo ya bamboyo ikukonzekera Chingelezi chachifundo chija, ndipo ndinadziwa kuti chikangotuluka, nyumba yapita. Ndinakweza dzanja monga ndimachitira ndi Púca, n'kuwauza adikire.

Anadikiradi. Mayiyo n'kufunsa ngati ndimakhala bwino ndi aneba. Basi, anatsegula yekha chipata. Ndinawakambira za chiuno cha a Cóilín, za nkhosa, kabichi, tsache, matukwana onse mmene anagwera. Mayi wosaseka uja anaseka mpaka kupukuta m'maso. Akuti matukwana ena aja anawamva komaliza kwa agogo ake.

Ati andiimbira.

Lachiwiri, 6 Meyi

YACHITSEKO CHOBIRIWIRA! Foni inandipeza ndili paphiri, mphepo ikuwomba, ndinawapempha abwereze kuti ndimve kukoma kwake kawiri. Ndinauza Púca poyamba, kenako mayi Bairbre, amene anangoti, "Ndiye uzitseka chipata." Orla analira, n'kunena kuti njinga zibwerera m'chipinda mwake.

Ndinapita kumanda a agogo. Ndinawauza kuti ndine mwana wa Peige, ndabwera kudzakhala. M'chilankhulo chawo.

Loweruka, 7 Juni

Makatoni ali mbwee m'nyumba yanga. YANGA. A Cóilín abwerera ndi ndodo, atenga galu wawo, koma Púca amabwera m'mawa uliwonse kudzatenga malipiro ake.

Lero kusitolo, bambo wina wadazi, wamkulu ngati ine, chikwama kumsana. Anandiyandikira nkhope ili psuu, n'kuyamba kufunsa njira ya ku holo m'Chiairishi chothyokathyoka. Liwu lililonse ngati akunyamula mwala. Pakati penipeni anakakamira, thukuta kamukamu, anthu pamzere akudikira. Ndinamumvera chisoni. Chingelezi chinafika pansonga ya lilime langa, ndi kumwetulira kwake komwe kuja.

Ndinaluma mlomo. Ndinaika basiketi pansi, n'kupinda manja.

"Pitirizani, achimwene," ndinamuuza pang'onopang'ono m'Chiairishi. "Sindikuthamangira kulikonse."