Mchere Sindithira

Kawale 2,
Lilongwe.
9 Julaye 2006.

Okondedwa achimwene a Gilford,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi akupeza bwanji ndi mwendo wawo uja, chisanu cha ku Ntcheuko? Kuno ana ali bwino, Chisankho akulimbikira sukulu. Amene sali bwino ndi bambo ake, ndipo nkhaniyi ndikufuna muimve kwa ine mwini wake, poti ndikudziwa kuti mphekesera zafika kale kumeneko.

Mwezi wa Meyi bambo a Chisankho anagwa ali pantchito ku Biwi, kuja amawotcherera mageti. Anzawo anathamangira nawo ku Central. Nesi anawamanga kansalu kopopa kaja pamkono, n'kuyezanso kachiwiri osakhulupirira. Kenako anawamata timawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala la mizere yokhotakhota. Dokotala anandilozera pamene mtima ukudumphadumpha. Anati BP yakhala yokwera zaka zambiri mpaka mtima wakula ndi kutopa, n'chifukwa chake miyendo ikutupa. Anatipatsa mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, n'kundiyang'ana ine m'maso kunena kuti ngati mwamunayu ndikumufuna, mchere ndiusiye.

Ndinausiya tsiku lomwelo. Ndiwo ndimaphika zopanda mchere, ana amadzithirira okha m'mbale zawo. Bambo ankadandaula kuti akudya udzu ngati mbuzi, koma miyendo inayamba kuphwa.

Ndiye kunabwera alamu anga a Vaileti, achemwali awo aakulu aja, ati kudzazonda matenda. Masiku onse amene anakhala kuno maso awo anali pa manja anga. Ataona kuti mchere sindikuugwira, akuthira ndi Chisankho, ataonanso miyendo ya mlongo wawo, basi mlandu anaweruza okha. Akuti ndi mdulo. Akuti mkazi amasiya kuthira mchere masiku ochepa okha pamwezi, wosiya mwezi wathunthu ndiye kuti ali ndi chibwenzi, choncho amene ndamudula mwamunayu ndine. Ine Eness! Chibwenzi ndichipeze nthawi yanji, tsiku lonse ndili pamsika ndi tomato?

Ndinawafotokozera za dokotala, iwo anati achipatala mdulo saudziwa. Anakaziulutsa pampopi pomwe timatunga madzi tonse. Lero ku Mvano azimayi ena amasuntha ndikakhala pafupi nawo.

Koma chandipsetsa mtima kwenikweni si dzina langa ayi. Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza mapiritsi abisidwa, bambo akudya usipa woyera mbee ndi mchere, akunyambita zala. Pomatha sabata nsapato zinakana kulowa, kupuma kuli wefuwefu atangokhala pampando. Ndinalira, achimwene, ndi mkwiyo womwe. Nditawafunsa bambo chifukwa chake sakundiyankhira, anangoti wamkulu satsutsidwa. Amawaopa achemwali awowo, poti ndi amene anawalera. Mapiritsi ndinawapeza m'chikwama cha alamu, ndipo pano ndimayenda nawo pa mfundo ya chitenje.

Tsopano a Vaileti apita kumudzi. Akuti abweranso Loweruka pa 22 ndi ankhoswe akuchimuna komanso mankhwala a mdulo. Akufuna ndiulule, kenako ndithire mchere ndi dzanja langa m'mankhwalamo kuti bambo amwe, mapiritsi atayidwe. Ndikakana, akuti ndilongedze.

Sindiulula chimene sindinachite, ndipo sindilongedza. Mwambo ndimaudziwa, nanenso ndinalangizidwa, ndipo sindinaunyozepo. Koma nthenda iyi ndinaiona ndi maso anga papepala lija. Nditachoka pakhomo pano, ndani adzawaletse mchere? Anditchule hule Kawale yense, bola bambo a Chisankho azimva zimenezo ali moyo.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu nkhoswe wanga, bwerani Lachinayi pa 20, tsiku lomwe bambo a Chisankho amakayezedwa. Tikapitire limodzi kuchipatala, mukaone kansalu kaja kakufufuma pamkono pawo, mukamve nokha zonena dokotala. Loweruka mudzalankhule zimene mwaona. Musabwere kudzandipepesera, chonde, palibe chimene ndalakwa. Mukadzayamba zija zanu zoti tingogonja kuti nkhani ithe, ndidzakutsutsani pamaso pa anthu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asaweramitse mutu chifukwa cha ine. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Mukakumana ndi a Vaileti kutchalitchi, nawonso muwapatse moni wanga. Muwauze kuti mphasa yawo ilipo, madzi osamba ndidzawatenthetsera, ndiwo ndidzawaphikira. Mchere adzadzithirira okha, m'mbale mwawo.

Ndatha ine mlongo wanu,
Eness
(Mayi a Chisankho)