Kabati ya achimwene yakana kutuluka

Lolemba, 2 Juni
Loya watiwerengera zimene achimwene analemba asanatisiye. Nyumba ndi zonse za m'katimo ndi za mwana wawo, telala uja. Ine mpando wa pakhonde. Mlongo wanga wamng'ono, a Tayi, osavula tayi aja, njinga ndi bokosi la zida zaukalipentala. Ndiwonso asankhidwa kuti aonetsetse kuti chilichonse chafika kwa mwini wake. Anagwira pamtima, ati, "Sinditenga ngakhale singano."

Lachiwiri, 3 Juni
Singano sanatengedi. Atenga makina osokera. Ati akasunge kwawo, kuno kuli akuba. Ine wakuba ndamuona mmodzi yekha, wovala tayi.

Mwanayu ali ndi madiresi a anthu oti asoke. Wangokhala pansi nsalu zili pamiyendo.

Lachinayi, 5 Juni
Lero firiji. Ati ndi ya thukuta lawo. Thukuta lake liti? Anyamula ndi aganyu, iwo amangoloza ndi kiyi.

Lachisanu, 6 Juni
Ati mawa abwera kudzasunga kabati yaikulu ya kuchipinda. Mwana anatsegula pakamwa kuti awauze, ine ndamutsina. Kabati imeneyo achimwene anaikhomera momwemo, thabwa ndi thabwa, ine ndikuwagwirira misomali. Pakhomo sinadutsepo. A Tayi sadziwa, nthawi imeneyo kuno kunalibe chosunga ndiye sankabwera.

Loweruka, 7 Juni
Abwera ndi aganyu awiri. A Tayi analowa kuchipinda kuti azilamula bwino, aganyu akukoka cha kunja. Kabati inalowa pakhomo mpaka pamimba, basi yakakamira. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Aganyu anayesa, anatukwana, kenako ati tikamwe madzi. Sanabwererenso.

Windo la chipindacho lili ndi zitsulo. Ndinakokera mpando wanga pomwepo.

"Achemwali, itanani kalipentala."

Ndati kalipentala tinaika m'manda mwezi watha, zida zake zili kwanu.

Kenako dzanja linatuluka pakati pa zitsulo, kiyi wa kwawo ali lende.

Mwana anafunsa mwaulemu, "Abambo aang'ono, ndikatenge chiyani?"

"Bokosi la zida."

Ndati wilibala ndi imodzi, nyundo idikire ulendo wachiwiri.

Pano makina akulira pakhonde. Mwana wati amalize kaye mpendero wa diresi limodzi. Firiji aganyu ena akubwera nayo.

A Tayi apempha madzi. Tayi avula.