Machesi a Bambo ndi Sofa ya Reyoni

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko? Kaya maso akupola monga adokotala analonjezera? Ife kuno tili bwino, amayi mwendo uja wasiya kutupa. Ndikudziwa kuti kalatayi akukuwerengerani alamu anga, poti inu akumangani nsalu kumaso. Alamu, chonde werengani zonse, musadumphe ndime ngakhale Bambo atayamba kutsokomola. Chifuwa chimenecho timachidziwa, chimangobwera akapsa mtima.

Ndili ndi milandu iwiri. Woyamba ndi uwu: munati shopu ikhale yotseka mpaka mubwere, koma ine ndinatsegula Lolemba lomwelo mutangonyamuka. A Pang'onopang'ono, mnzanu amene mwatsuka naye mipando zaka zonsezi, musawakalipire. Anakana katatu, wowakakamiza ndine.

Lachitatu kunabwera mayi wina wobwereketsa madiresi a ukwati. Anatsitsa pa lole sofa yoyera ngati mkaka, ya nsalu yaubweya wonyezimira, imene akwatibwi amakhalapo pojambulitsa. Wina anatayirapo juwisi, wantchito wawo n'kukhula ndi madzi a sopo, ndiye panatsala mkombero wachikasu, kukula kwake ngati mbale. Mayiyo anati akuifuna Loweruka lisanafike. Anawonjezera kuti amva zoti mwini shopu kulibe, kwangotsala kamtsikana, ndiye ngati sitingathe tinene apite kwina.

Kamtsikana, Bambo! Zaka zinayi ndikuphunzira kemisitili ku yunivesite! Ndinawauza kuti abwere Lachisanu.

Nditasuzumira pansi pa sofa ndinapeza kansalu kolembedwa kuti poliyesitala, tsukani ndi madzi. Ndinali nditabwereka kwa mnzanga makina opopera madzi otentha n'kuwayamwanso, aja munawakana inu kuti ndi mvula ya m'nyumba. A Pang'onopang'ono anandifunsa ngati sindiyamba ndawotcha ulusi monga mumachitira inu. Ndinawayankha kuti zolemba zilipo, ndipo pano si kwa sing'anga poti tizinunkhiza utsi. Inde, ndinanenadi choncho. Alamu, musaseke.

Mwayi wanga ndi woti ndinayambira kunsi kwa khushoni imodzi. Kudutsitsa kamodzi kokha, ubweya wonse unagona pansi ngati nthenga za nkhuku yovumbwa. Ndinazimitsa makina pomwepo. Nditagona chagada pansi pa sofa ndinaona timabowo ta mapini akale m'mphepete mwa thabwa, pambali pa mapini atsopano. Sofayo anaikutanso nsalu ina, koma kansalu kolembedwa kaja anakasiya ka nsalu yakale.

Ndinatsegula dilowa yanu, n'kutenga machesi. Ndinasolola ulusi umodzi pa mpendero wa pansi. Unayaka msanga, fungo ngati la pepala, phulusa lofewa, popanda kambulu kolimba kaja ka pulasitiki. Reyoni, osati poliyesitala. A Pang'onopang'ono anangopita kukatereka tiyi akuimba mluzu. Bola akanandizazira.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa m'pamene ndikufuna mundinyadire. Inu sofa imeneyi mukanaibweza. Lamulo lanu ndimalidziwa: reyoni ikalawa madzi ndi maliro, sitidzutsa akufa. Koma ine ndikudziwa chimene chimabweretsa mkombero. Madzi akamauma amakankhira litsiro ndi chikasu m'mphepete mwa ponyowapo. Ndiye ndinaganiza kuti mphepeteyo isakhalepo n'komwe: kunyowetsa chigawo chonse mofanana, kuchokera msoko uwu kukafika msoko uwo.

Ndinagula madzi aja othira m'batire la galimoto, poti alibe mchere, n'kudonthezamo viniga woyera pang'ono. Ndinayesera kaye pa khushoni ndinaiwononga ija. Kupopera kwake ngati mame chabe, kenako kudinda ndi matawulo oyera, osakhula, kenako fani, pamthunzi, kutali ndi dzuwa. Chikasu chinayamba kusamukira pa tawulo ndikuona ndi maso angawa.

Vuto linali bulashi. Ubweya wa reyoni umafuna kuupesa mbali imodzi uku ukuuma, apo ayi umauma gwa. Bulashi yanu yofewa ya mchira wa hatchi ndinaifuna paliponse, mpaka amayi anandiuza kuti munanyamuka nayo m'thumba la jekete. Munthu kupita kuchipatala ndi bulashi! Tinagwiritsa ntchito yopesera tsitsi la khanda. Ine nditapesa pang'ono, a Pang'onopang'ono anandilanda, amvekere ndikupesa ngati basi ikundisiya. Anapesa okha masiku awiri, dzanja osafulumira, osatopa. Dzina lawo lija sindidzalisekanso.

Lachisanu mayi uja anazungulira sofa kawiri. Anavala magalasi, n'kufunsa kuti kodi banga lija linali mbali iti. Ndinawaonetsa ndekha kunsi kwa khushoni kumene kwatsala kokhakhala pang'ono, ndi kuwauza kuti wolakwa ndine. Anaseka, akuti mkwatibwi sakhala kunsi kwa khushoni. Anati ali ndi mipando ina isanu ndi umodzi, ndiponso mchemwali wawo ali ndi hotela. Pochoka sananditchenso kamtsikana. Anati zikomo amisiri.

Mlandu wachiwiri ndi waukulu. Alamu, apatseni kaye madzi akumwa.

Kalata ya ku fakitale ya sopo inabwera. Anandilemba ntchito ya mu labu, yoti ndiyambe pa 1. Dzulo ndinapita kukawathokoza ndi kuwauza kuti sindibwera. Ndikudziwa kuti munkalota ndili mu khoti loyera, manja osakakala ngati anu. Koma ine kukhala zaka khumi ndikuyeza thovu la eni ake, kudikira kuti wina apume ntchito ndikwezedwe, sindingathe. Achimwene andiuza kuti mukuganiza zoisiya shopu chifukwa cha maso. Musaisiye, Bambo. Ndipatseni ine. Ndikufuna tiyambe kuyendera mahotela ndi maofesi, anthu azitipeza pa foni, ndipo makina aja tiziwagwiritsa ntchito pa nsalu zimene zimawafuna. Maso ndikhala ine. Mphuno munandiphunzitsa kale, kungoti ndinkachita matama.

Simuyenera kulemba chilichonse. Ngati mwavomera, apatseni achimwene bulashi ija adzabwere nayo mwezi ukatha. Ikapanda kubwera ndidzadziwa kuti mwakwiya, ndipo ndidzapepesa mogwada, koma kunena zoona shopu sinditseka. Mipando isanu ndi umodzi ija ikubwera Lolemba.

Mulungu akuchizeni msanga, mudzaone nokha ntchito yanga n'kupezamo cholakwika monga mwa nthawi zonse. Mundiperekere moni kwa achimwene ndi ana. Alamu, zikomo powerenga, ndipo mundiuze kuti atsokomola kangati. Machesi anu atsalamo atatu, ndimayenda nawo m'thumba la epuloni.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
uja mumamutcha Namondwe