Masamba Abodza pa Msewu wa Mabasi

KOMITI YA OYENDA PANSI NDI ANJINGA, PA KAMWALA, BOMA LA NTCHEU

Tsiku: Lachitatu, 12 Juni 2024
Malo: M'shedi ya ogulitsa kachewere, pamsika

Opezeka: Bambo Redson Tisungane (Wapampando), Mayi Mirriam Janeti (Mlembi), Bambo Dyton Fanizo (wa anjinga za kabaza), Mayi Rute Jere (wa makolo a ana asukulu), Bambo Fyson Ngozo (mkulu wa adzukulu), Mayi Regina Sungani (mlendo, mkazi wa Bambo Silvester Sungani).

Osapezeka: Bambo Silvester Sungani, Msungichuma, akudwala. Woyimira kampani yomanga msewu anaitanidwa, sanabwere, sanapepesenso.

1. Kutsegulira

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana. Mayi Jere anapemphera, koma pempherolo analiyamba kawiri chifukwa basi inadutsa ikuliza hutala mpaka malata a shedi kunjenjemera.

2. Zolembedwa za msonkhano watha

Mlembi anawerenga. Zinakumbutsa mamembala kuti chitsegulireni msewu watsopano, mizere iwiri yapakati ndi ya mabasi othamanga okhaokha, omwe pa Kamwala saima. Mphepete momwe ankadutsa anjinga ndi oyenda pansi mwadyedwa ndi ngalande ya simenti. Msika ndi nyumba zatsala kuno, sukulu ndi manda zili tsidya linalo.

Bambo Fanizo anapempha kuti afufutidwe mawu oti "Bambo Fanizo analonjeza kupeza nzeru yowolotsera ana". Mlembi anakana, poti mawuwo anawanenadi, ndiponso anawanena akudziguguda pachifuwa. Zolembedwa zinavomerezedwa momwe zilili.

3. Mlatho wa masitepe

Wapampando anati kampani yayankha pakamwa kuti wofuna kuwoloka azikwera mlatho wa masitepe umene anaumanga kumtunda kwa msika. Bambo Fanizo anati amene anajambula mlathowo sanakankhepo njinga yosenza kachewere kuchokera ku Tsangano. Anati anjinga tsopano amayenda pakati pa ngalande ndi malole, chigongono chikuchita kukhula chitsulo cha galimoto, ndipo m'mawa amatsanzika kunyumba ngati akupita ku Joni.

Mayi Jere anati ana a Sitandade 1 amaopa masitepewo chifukwa ndi oboolaboola, mabasi amaonekera pansi pa mapazi. Ndiye amathamangira pamsewu, m'chifunga cha Juni chino. Anati iwo belu la sukulu likalira sadya, amangotchera khutu kumsewu.

Bambo Ngozo anati adzukulu anakauyesa mlathowo ndi chitseko chakale m'malo mwa bokosi la maliro. Pokhota pa masitepe chitsekocho sichinatembenuke mpaka anachiimiritsa. Anati bola iwo ali moyo, munthu wa pa Kamwala sadzapita kumanda ali chilili. Palibe anaseka.

Wapampando anati walira mvula walira matope. Mayi Jere anayankha kuti iwo mvula imeneyi sanailirepo, ndipo anapempha kuti zimenezi zilembedwe. Zalembedwa.

4. Nkhani ya masamba

Wapampando anapempha Bambo Fanizo kuti afotokoze nzeru imene anaipeza. Bambo Fanizo anati anaona kuti dalaivala wa basi saopa mwana, saopa njinga, saopanso wapolisi, koma maliro amawaopa. Tsono anadula nthambi za bulugamu nakaziyala pamsewu uku ndi uku, monga timachitira pakagwa zovuta, popanda munthu womwalira. Anaziyala pomwe ana amawolokera, pafupi ndi nyumba ya a Sungani. Anati mabasi anayamba kufika mwaulemu ngati mkamwini, madalaivala ena mpaka kuvula zipewa, ndipo ana anawoloka bwinobwino.

Wapampando anafunsa amene anawalola. Bambo Fanizo anati palibe. Anati: "Ine ndimangofuna ana awoloke. Mukanakonda ndidikire mpaka titole mwana wa munthu pa phula?"

Bambo Ngozo anakwiya kwambiri. Anati masamba amaliro si zoseweretsa, kuwayala popanda mtembo ndi kuitana imfa. Anatinso pali choopsa china choposa apa. Poti mabasi ankachepetsa liwiro, makondakitala anayamba kufunsa pamsika kuti awa ndi maliro anji osaikidwa, ndipo wina wogulitsa chimanga chowotcha anawauza zoona. Tsopano madalaivala onse auzana pa mafoni kuti masamba a dera lino ndi abodza. Loweruka lapitali, kumunsi kwa Kamwala kunali maliro enieni. Basi inaponda masamba osachepetsa liwiro, amayi onyamula nkhata anachita kudumphira m'ngalande, mmodzi wathyoka mkono.

Mlembi akulemba kuti pa mawu amenewa Bambo Fanizo anayang'ana pansi.

5. Dandaulo la Mayi Sungani

Wapampando anapereka mpata kwa Mayi Sungani. Iwo anati amuna awo anabwera ndi chifuwa kuchokera ku migodi, ndipo aliyense pa Kamwala akudziwa kuti chaka chino chawagoneka. Anthu ataona masamba pafupi ndi khomo lawo sanafunse. Amayi a kumpingo anafika ndi nkhuni ndi ufa, ena anachokera ku Nzama, analowa pabwalo akulira ndi kutchula dzina la wodwalayo, iye ali maso pamphasa. Mayi Sungani anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe awanenera:

"Abambo a Dalitso anandiitana, akuti, 'Anagama, kodi ndafa osandiuza?' Chiyambire tsiku limenelo phala akungolikankha. Achimwene a Fanizo, ine sindinabwere kudzakutukwanani ayi. Matenda ndawaona, ndikudziwa komwe tikupita. Iwo anandiuza kale kuti adzagone pafupi ndi mayi awo, tsidya lija. Ndiye ndiuzeni inu akomiti, adzawoloka bwanji? Ndikuopa ine. Ndikuopa kuti powanyamula iwo, tidzasiya ena pamsewu."

Bambo Fanizo anatsika pabenchi, anagwada pa dothi popanda wowauza, nati: "Mayi, ndinalakwa, ndikhululukireni." Mayi Sungani anati awakhululukira, koma funso lawo silinayankhidwe.

Wapampando anati komiti ilemberenso ku ofesi ya boma kupempha mahampu ndi mizere yowolokera. Zinavomerezedwa. Mlembi anakumbutsa kuti makalata akale aja sanayankhidwe ngakhale imodzi, ndi kuti odwala sadikira sitampa. Wapampando anati Mlembi azilemba, asamaweruze. Mlembi walemba.

6. Zina ndi zina

Wapampando atangofunsa ngati pali zina, foni ya Mayi Sungani inalira. Anali mwana wawo Dalitso. Mayi Sungani anamvetsera, anamanganso chitenje chawo, nati: "Apita." Sanalirire m'shedi. Mayi Jere anawagwira mkono n'kuwaperekeza kunyumba, ndipo kulira kunamveka atafika kuseri kwa msika.

Komiti inaima kwa kanthawi polemekeza Bambo Silvester Sungani, omwe anali Msungichuma wake chiyambire. Mlembi akulemba kuti anali munthu wabwino, ndipo imfa yawo yamupweteka.

Otsala anakhalanso pansi chifukwa nkhani inali isanathe. Bambo Ngozo anati adzukulu ayamba kukumba mawa m'mamawa, ndipo maliro adzawoloka msewu masana, nthawi yomwe mabasi amadutsa motsatizana. Anati bokosi silidzakwera mlatho. Anati padzakhala kwaya, amayi ankhata, okalamba oyenda ndi ndodo, ndiponso gulu la gule wa ngoma, poti malemuwo ankavina. Anthu otere sangawoloke chothamanga.

Wapampando anafunsa ngati angoma sangatsogole ndi zishango zawo kuti madalaivala aone kuti nkhani ndi yoona. Bambo Ngozo anati chishango ndi chikopa cha ng'ombe, basi siichidziwa. Anati masamba ayalidwa ndithu, chifukwa mwambo ndi mwambo, koma asadzanamize munthu kuti adzaimitsa galimoto.

Bambo Fanizo anati poti ndi iwo anapha ulemu wa masamba, iwo omwe adzakhala masambawo. Anati adzaima pakati pa mzere wa mabasi, kumtunda kwa powolokera, njinga yawo itapingasa, mpaka womaliza atawoloka. Wapampando anati munthu mmodzi pamsewu umenewu ali ngati mbuzi, dalaivala amangoliza hutala, ndipo mizere ndi iwiri, mabasi amachokera uku ndi uku. Anafunsa ngati pali ena odzaima nawo.

Basi ina inadutsa, malata ananjenjemeranso. Bambo Ngozo anati iwo adzakhala ndi bokosi, sangathe. Kenaka Wapampando anati alembedwe iwo, adzaima ndi Bambo Fanizo kumtunda. Anatsala malo akumunsi. Wapampando anayang'ana m'shedi monse ngati muli anthu ambiri, chonsecho wotsala anali mmodzi yekha, wogwira cholembera.

Zinagwirizanidwa kuti mawa pamsewu padzaima Bambo Dyton Fanizo, Bambo Redson Tisungane ndi Mayi Mirriam Janeti, pamodzi ndi anjinga amene Bambo Fanizo angawapeze madzulo ano. Mlembi akulemba poyera kuti ali ndi ana aang'ono, ndipo akuchita mantha. Dzina lake walemba yekha.

7. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzachitika Lachitatu, 26 Juni 2024, m'shedi yomweyi. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo. Pemphero lotsekera panalibe, poti wopemphera anali atapita kumaliro. Bambo Fanizo anabwereka chikwanje kwa ogulitsa kachewere n'kupita kukadula nthambi, ulendo uno zenizeni.

Mwa nthawi zonse zolembedwa zimasainidwa pa msonkhano wotsatira, zitawerengedwa. Wapampando anapempha kuti izi zokha Mlembi azimalize pompano, tisaine lero, tonse awiri tikadalipo.

Redson Tisungane, Wapampando
12 Juni 2024

Mirriam Janeti, Mlembi
12 Juni 2024