Tanyanyala chigayo cha mkamwini wanga, koma mwiniwake sakudziwa

Agogo,

Ndine mai wa ku Kalindawalo, ndipo ndili pa nkhondo ndi munthu amene mwambo sundilola kumuyang'ana m'maso.

Kwathu kuno chigayo ndi chimodzi, cha a Godwin, amene anakwatila mwana wanga Tisunge. Kuyambila kale, ukakonoletsa chimanga, mphale ndi yako, gaga ndi wakonso. Chaka chino a Godwin ayamba kuweta nkhumba, ndiye gaga yense akutsala pachigayo. Ukafunsa, wantchito wa pachigayo amangoti ndi lamulo latsopano. Nanga nkhumba zathu ndi nkhuku zidye lamulo?

Titakolola, azimai tinakumana pachitsime n'kugwilizana kuti palibe wopondanso pachigayo chimenecho. Woyambitsa ndine, sindikubisa. Ena akusinja mumtondo, ena akumanga matumba panjinga kupita ku chigayo china cha kufupi ndi Minga. Kwa a Godwin kuli zii.

Vuto ndi lakuti a Godwin sakudziwa kuti tawanyanyala. Ine sindingawauze, ndi apongozi. Tikakumana panjila iwo amapatukila m'tchile, ine ndimayang'ana kumbali. Anzanga akuti, "Mkamwini ndi wanu, ife tiyambe bwanji?" A Godwin akawafunsa chifukwa chake sakubwela, amagwada bwinobwino n'kuyankha kuti, "Ufa ukalipo, bambo." Mailo Tisunge anabwela kwanga maso ali ofiila. Anati, "Amama, bambo a Ricky akuti wina walodza chigayo. Asintha sefa, sizinathandize. Tsopano aitana abusa kuti adzachipemphelele." Ine ndinangoti pepa mwananga.

Azimai atopa, Agogo. Manja achita matuza. Amai Happiness, amene ali ndi khanda, anena poyela kuti Loweluka abwelela kwa a Godwin. Akabwelela mmodzi onse atsatila, ndipo gaga wathu ndiye wapita mpaka kalekale. Ine sindibwelela, ndisinja mpaka mapewa aguluke. Koma kodi ndimuuze Tisunge zoona kuti akanene kwa mwamuna wake?

E.M., Kalindawalo, Petauke

Amai E.M.,

Kalata yanu yandiseketsa mpaka dzino langa lotsala lagwedela. Musakwiye, ndili kumbali yanu. Gaga ndi wa mwini chimanga, ndipo musabwelele m'mbuyo ngakhale phazi limodzi.

Koma zimene mukuchitazi sikunyanyala ai, ndi kudzilanga. Ine ndinanyanyalapo ndiwo za mkazi wanga sabata yathunthu osanena chifukwa chake. Iye anangothokoza Mulungu kuti nyama yayamba kukwanila pakhomo. Munthu sangagonje pa mlandu umene sanaumve. Inu mukuchita matuza, mwini chigayo akufunafuna mfiti, ndipo mukachedwa aloza chala nkhalamba ina yosalakwa.

Tisunge musamutume. Iyeyo amagona m'nyumba imeneyo. Mau akalowela pakamwa pa mkazi sakhalanso a gaga, amasanduka akuti "iwe ndi amako mwandipangila upo." Mudzapezeka muli pamphasa ndi ankhoswe kukambilana za ukwati, nkhumba zili kulila ndi njala kukhola.

Pa sukulu yanu palibe mphunzitsi Mbemba? Boma limatitumizila anthu amenewa chaka ndi chaka, odya anyani aja, amene amatinena za mbewa koma ukawapatsa amatha ndi mchila womwe. Pezani mmodzi, kaya ndi a Kangwa kaya a Chibuye. Chimbuya chathu ndi Abemba, chibale cha nthabwala chija, chimawalola kutinena chilichonse, ngakhale pamalilo, ife osakwiya. Mphunzitsi ameneyo akhoza kuima pakhomo pa chigayo dzuwa lili pamutu n'kunena kuti, "Iwe kapolo wanga, chigayo chako sichinalodzedwe, wachilodza wekha ndi dyela. Bweza gaga wa azimai." A Godwin aseka, chifukwa mwambo ukuti aseke, koma mau alowa. Apite ndi azimai awili kapena atatu oima kumbuyo kwake, kuti zisaoneke ngati nthabwala chabe. Inu khalani kunyumba, ulemu wanu wa upongozi usadetsedwe.

Uthenga ukhale umodzi: gaga akabwelela kwa eni ake, matumba abwela tsiku lomwelo. Ndikuwadziwa azimai a pachitsime. Wina afuna kuonjezapo za mbuzi za a Godwin zimene zinadya mbatata, wina za moni amene sanayankhidwe chaka chatha. Akanizeni. Mukamuunjikila milandu khumi aona kuti ngakhale abweze gaga simudzabwela, ndiye abwezelenji?

Tsopano amai Happiness. Musawatukwane, musawadikilile panjila ndi zitenje zomanga m'chiuno. Munthu wa khanda kumsana sangasinje tsiku ndi tsiku chifukwa cha mkwiyo wanu. Kunyanyala kumafela m'mapewa, osati mumtima. Pezani wa ngolo ndi ng'ombe, musonkhanitse matumba a mudzi wonse, ndipo loyamba kukwela likhale la amai Happiness, kenako a nkhalamba. Chitani izi Loweluka lisanafike. Pobwela ku Minga ngoloyo idutse pakhomo penipeni pa chigayo cha a Godwin, matumba a gaga ali pamwamba, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono ngati za mkwati. Maso akaona, abusa apumula.

Nthawi yake ndi ino, nkhokwe zili zodzaza. Mukafika nazo m'miyezi ya njala, pamene aliyense akugayitsa kambale kamodzi, kunyanyala kwanu sikudzasiyana ndi umphawi wamba. Kukagwa malilo, chimanga cha pamalilo chipite kwa a Godwin, musalimbane ndi zimenezo. Wakufa sanali nanu pachitsime.

Chenjezo langa ndi ili. Mukufuna gaga, simukufuna kupha chigayo. Kuno ku Nyimba ndinaonapo anthu akuvina kuti agwetsa wasitolo, mwezi wotsatila akupalasa njinga mtunda wautali kukagula machesi. A Godwin akagonja, musawaimbe nyimbo pachitsime, musalize nthungululu podutsa pakhomo pao. Thumba loyamba kufika likhale lanu, mulitumize mwaulemu monga apongozi. Kumbukilani kuti bamboyo ndi mkamwini, mudzi si wake. Mkamwini akachititsidwa manyazi kumudzi kwa mkazi amalongedza katundu, ndipo uyu katundu wake ndi chigayo.

Agogo anu a ku Nyimba